Sutikesi ya Tabita pa Sikelo ya Tiyi

Pa esiteti ya tiyi ili m'mbali mwa msewu wopita ku Thekerani, panalibe amene sankawadziwa mayi Eneless Namakhwa. Anali mayi wamfupi, wa mapewa ngati a mwamuna, zala zawo zitada bii ndi utomoni wa masamba moti sopo anangozigonjera. Zaka makumi awiri ndi ziwiri akutchola tiyi, dengu kumsana, koma tiyiyo sanamulaweko ndi tsiku limodzi lomwe, poti anali a mpingo wa Sabata, umene suloleza kumwa tiyi. Anzawo akamawaseka ankangoti, "Nanga wokhoma mabokosi a maliro amagonamo?"

Chimene ankatchuka nacho chinali dzanja. Akanyamula dengu n'kuligwedeza kamodzi, ankatchula makilo ake sikelo isanayankhe, ndipo sankaphonya. A Dickson, kalaliki wa pasikelo, ankachita kupukusa mutu n'kumati, "Mayi inu mudzandichotsetsa ntchito."

Mwana anali mmodzi yekha, Tabita, amene ankaphunzira Folomu 3 kusekondale yogonera konko. Bambo ake anapita ku Joni mwanayo akukwawa, ndipo sanamvekenso. Tsono kumayambiriro kwa chaka cha 2006 Tabita anabwera kukomboni ndi kalata. Sukulu yawo inapalana ubwenzi ndi sukulu ina ya ku Sikotilandi, ndipo ana anayi amene anakhoza bwino anasankhidwa kuti akaphunzire kumeneko miyezi iwiri. Tabita anali mmodzi mwa iwo.

Nthungululu zimene analiza mayi Eneless tsiku limenelo zinamveka mpaka kufakitale. Koma paja walira mvula walira matope. Kuseri kwa kalatayo kunali mndandanda. Ndege ndi chakudya alipira azunguwo, koma kholo lipeze pasipoti, sutikesi, jekete yotentha, nsapato zotseka, mphatso ya banja lokamusunga, ndi kandalama ka m'thumba. Pansi pake analemba ndi zilembo zazikulu kuti katundu asapitirire makilo makumi awiri.

"Makumi awiri basi?" anatero mayi Eneless. "Amenewo ine ndimakhala nditatchola nthawi ya phala isanakwane."

Anagulitsa mbuzi ziwiri zimene ankasungitsa kwa mchimwene wawo ku Thekerani, anagulitsanso mikoko ya nthochi isanakhwime n'komwe. Kulemba sankadziwa, choncho ndalamazo anazigawa pampango wawo wa kutchalitchi, chinthu chilichonse mfundo yakeyake. Mfundo iyi ya jekete, iyi ya nsapato, iyi ya sutikesi. Pangodya panali mfundo ina yaing'ono imene Tabita sanauzidwe ntchito yake. Inali ya feteleza wachiwiri wa kamunda kawo ka chimanga.

Lachitatu lina anapempha tchuthi kwa kapitawo, n'kukwera minibasi ya ku Limbe ndi mwana wawo. Abale, amene anagulitsa malonda kwa mayi amenewa tsiku limenelo anauona mwezi masana. Pakaunjika anatembenuza jekete kunja ndi m'kati, kukoka zipi kasanu, kununkhiza m'khwapa, kenako n'kunena kuti mwini wake anafera momwemo, mtengo utsike. Mnyamata wogulitsayo anawapatsa pa theka la mtengo kuti angochoka. Nsapato anagula zokulirapo kuti masokosi awiri akwanemo. Mphatso inali mapaketi awiri a tiyi ndi chitenje cha maluwa. Kosinthira ndalama ndiye kunawapweteka mtima. Anapereka mpukutu wonenepa wa makwacha, mtsikana wa pagalasi n'kuwabwezera timapepala titatu tokha ta ndalama zakunja. Anatiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kufunsa ngati tina tagwera pansi.

Akubwerera kudepoti, anaima pakhomo pa sitolo ya mmwenye. M'katimo munapachikidwa bulangete lalikulu lofiira, laubweya, lokhala ndi chithunzi cha mkango woyasamula pakati pake.

"Amayi, limenelo pamndandanda palibe," anatero Tabita.

"Mndandandawo unakubala ndi iwo?"

"Aphunzitsi anati kumeneko zofunda ziliko."

"Aphunzitsi anakagonako liti?"

Anamasula mfundo yaing'ono ija, chimanga chidziwonere chokha. Tabita anangolinyamula bulangetelo, chifukwa nkhani ya kuzizira m'nyumba mwawo sinali yoseweretsa. Iye asanabadwe kunali mchimwene wake, Joel. Anamwalira ali ndi miyezi isanu ndi itatu, m'chiperoni cha mu June, chibayo chitamugwira atafunditsidwa chiguduli ndi chitenje chimodzi. Chiyambire pamenepo mayi Eneless sankaopa njala, sankaopa njoka za m'tiyi, ankaopa mphepo basi. Tsono anamva kuti kumene mwana wawo akupita madzi amauma gwa ngati mwala. Chimene mtima wawo unkafuna chinali chimodzi: kumene dzanja lawo silingafike kukamufunditsa, kukafikeko chofunda chogulidwa ndi dzanjalo.

Kunyumba analongedza, kupasula, kulongedzanso. Anthu a m'komboni nawo anabweretsa zawo, wina mtedza, wina botolo la uchi, wina Baibulo lalikulu ngati njerwa. Mayi Eneless ankanyamula sutikesiyo, kuigwedeza, n'kuchotsamo chinthu. Munthu amene moyo wake wonse ankapempherera kuti dengu lilemere, lero ali kalikiliki kupeputsa katundu! Mtedza unatuluka, uchi unatuluka, Baibulo linalowedwa m'malo ndi kachipangano kakang'ono. Bulangete lokha silinasunthe. Pomaliza anaigwedeza n'kunena kuti, "Makumi awiri ndendende."

Kuti pasakhale chikaiko, m'mawa mwake anaisenza pamutu mpaka kumunda, pamene thirakitala imaima poyeza masamba. Anthu anasiya madengu n'kuunjikana. A Dickson, atavala nkhope ya bwana wa pabwalo la ndege, anaikoleka sutikesiyo pangowe ya sikelo. Muvi unanjenjemera, n'kuima pa makumi awiri. Anthu anaomba m'manja.

Ha, koma nzeru za anthu ambiri nazo! Pagulu lonselo panalibe ndi mmodzi yemwe anakumbukira kuti muvi wa sikelo ya kumunda suyambira pa ziro. Amaubweza m'mbuyo dala, kuchotsera kulemera kwa dengu ndi madzi a mvula amene ali m'masamba, ndipo umenewu unali mwezi wa February, mvula ili pakati. A Dickson anazizolowera mpaka kuziiwala. Nalo dzanja la mayi Eneless linaphunzira pasikelo yomweyo, ndiye likananena zosiyana bwanji?

Tsiku la ulendo anafika ku Chileka kukuwaza mvula. Mayi Eneless anavala zoyera za kutchalitchi ndi nsapato zobwereka zimene zinkawaluma. Ana atatu enawo anabwera pagalimoto ndi makolo awo, anamwino ndi akalaliki, atanyamula tizikwama tokongola ta kumsana. Aphunzitsi a Malizani, amene ankaperekeza anawo, anawaimika pamzere. Sutikesi ya Tabita itakwera pasikelo, manambala ofiira anaonetsa makumi awiri ndi atatu ndi theka.

"Yapitirira," anatero mayi wa pakauntala. "Muchotsemo kapena mulipire."

"Sikelo yanuyo ndi yabodza," anatero mayi Eneless mokweza. "Ine makilo ndimawadziwa. Tinaiyeza dzana pasikelo ya kuntchito."

"Sikelo ya masamba, mayi?" anafunsa a Malizani motsitsa mawu. "Ija amachotsera dengu?"

Manyazi anawagwira mayi Eneless kuyambira kumapazi. Atafunsa mtengo wa makilo opitirirawo, anapeza kuti timapepala titatu tija titha tonse, mwana n'kukafika kwa eni ake chimanjamanja.

Anagwada pasimenti pomwepo n'kutsegula sutikesi, anthu akuwalambalala. Nsapato sizikanatsala. Jekete Tabita anaivala pomwepo. Mphatso nazo, mwana angalowe bwanji m'nyumba ya eni wopanda kanthu? Anachotsa sopo, anachotsa mafuta odzola, sikelo inangotsika pang'ono ngati ikuwaseka. Aliyense ankaona chimene chinayenera kutuluka, koma palibe ankafuna kuchitchula. Mapeto ake anachikoka okha. Mkango uja unaonekera m'pulasitiki imene munali bulangetelo, ndipo mmodzi mwa ana atatu aja anabisa kukamwa ndi dzanja.

"Palibe vuto," anatero a Malizani. "Akhoza kulinyamula m'manja, alowa nalo m'ndege."

Mtima wa mayi Eneless unadumpha. Analikweza kuti amupatse mwana wawo. Koma Tabita sanatambasule manja. Anayang'ana anzake aja ndi tizikwama tawo, anayang'ana azungu amene anali pamzere, kenako anayang'ana pansi.

"Amayi," anatero chapansipansi, "kumeneko zofunda ziliko."

Zinawalasa, tisanamizane. Mawu anafika pakamwa, mawu a Chilomwe amene ankamukalipira nawo ali wamng'ono. Akanamuuza za feteleza, akanamuuza za mbuzi. Koma anaona khosi la mwanayo litawerama, thukuta lili mbuu pamphuno m'jekete ya kaunjika, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri amene akuyesetsa kuti asaoneke wa kukomboni. Anameza mawu aja.

"Iwenso," anatero akuseka, "ukuyesa ndinagulira iwe? Ndi langa ili. Ndimangofuna nalo lione ndege."

Zotsalazo zinachitika mothamanga. A Malizani anali kuitana, chitseko chinali kutsekedwa. Mayi Eneless anali atakonza malangizo a sabata yathunthu, za kupemphera, za anyamata, za kusamba madzi ozizira, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Uzivala masokosi." Tabita anagwedeza mutu osawayang'ana m'maso, n'kulowa.

Munthu wina anawalozera masitepe okwera pakhonde la pamwamba, pamene operekeza amaonera ndege. Anapeza padzaza kale, anthu ataliatali ndi maambulera awo. Anadzipanikiza, bulangete kukhwapa, kupondedwa ndi kuponda, mpaka anapeza kampata pachitsulo cha m'mphepete. Chitsulocho chinkawafika pachifuwa.

Patapita nthawi anthu anayamba kutuluka pansipo, kuyenda m'mvula kulowera kundege. Anamuzindikira ndi jekete ija. Ankayenda pambuyo pa onse, akucheukacheuka. Atafika pakati pa bwalo anaima, n'kuyang'ana kukhonde kuja, dzanja pamphumi. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja. Ankawafuna, ndipo sankawaona.

"Tabita! Tabita iwe! Ndili pano!"

Injini za ndege zinameza mawuwo. Anakweza dzanja, koma manja okwezedwa analipo zana. Munthu wa yunifolomu anali kumukodola mwanayo kuti afulumire. Tabita anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete, n'kuyamba kutembenuka.

Mayi Eneless anang'amba pulasitiki ija ndi mano. Analikutumula bulangete lonse n'kuliponya kunja kwa chitsulo, atagwira ngodya ziwiri. Linatambasuka, lofiira psuu, mkango uli yasa kuyang'ana bwalo lonse la ndege. Anthu a pakhondepo anaphulika kuseka, wina n'kuimba mluzu. Iwo analibe nazo ntchito.

Tabita anali ataponda kale sitepe yoyamba pamene anacheuka komaliza. Anaima chilili. Kenako anakweza manja onse awiri m'mwamba, akudumphadumpha ngati kamwana, anzake akumuona, azungu akumuona, mpaka a Malizani anachita kumukoka pamkono kuti alowe.

Ndege inatembenuka, inathamanga, inanyamuka, mitambo n'kuimeza. Anthu anapinda maambulera awo n'kutsika mmodzimmodzi. Mayi Eneless anatsala okha pakhondepo, bulangete likumwa mvula, likulemera, koma osalisiya. Bambo wina wosesa anawayang'ana kwa kanthawi, kenako anawayandikira.

"Mayi, yapitatu ndege ija."

"Ndaona, bambo," anayankha osacheuka. "Koma mwina wakhala cha pawindo."