Amene Analephera Kudikira

Bambo a m'nyumba yapakona sadziwa kudikira. Tiyi amamwa ali chiimire, ndipo ketulo ikachedwa kuwira amaikalipira. Koma chipumireni pantchito, chimene amalimbikira ndi kuphunzitsa galu wawo kudekha. M'mawa uliwonse amamugoneka pakapinga n'kumuuza kuti, "Dikira," kenako amaitana ana a aneba kuti azidutsa, wina ndi mpira, wina ndi fupa. Galuyo amangogwedeza khutu. "Galu amatengera mtima wa mbuye wake," amatero bambowa akudziguguda pachifuwa.

Pampikisano wa agalu omvera, mayeso omaliza anali akuti agalu agone pamzere, eni ake akabisale kuseri kwa tenti mpaka woweruza awaitane. Wosuzumira aliyense atuluka mumpikisano. Bambowa ndiwo anali patsogolo, chikho chikununkhira. Kuseriko anayamba kudzifunsa za galu wawo. Kodi wadzuka? Kodi watsatira kagalu kena kopulupudza? Anapirira, anapirira, kenako anasuzumira.

Galu wawo anali chigonere, chibwano chili pamiyendo. Amene bambowo anaphana naye maso anali woweruza.

Pobwerera, ali m'galimoto, akazi awo anatembenukira kumbuyo n'kusisita galuyo. "Iwe wakhoza, mwanawe. Mawa tiwagoneke pakapinga abambo akowa, ine ndizidutsa ndi fupa."

Bambowo anatsegula pakamwa kuti ayankhe.

"Dikirani," anatero mayiwo.

Ndipo anadikira mpaka kukafika kunyumba.