Tsiku Limene Radivoje Anapepesa Maliro pa Ukwati

Radivoje Stankić wa ku Vranje anaimba lipenga zaka makumi anayi, mpaka masaya ake anangokhala ngati wabisa mazira mkamwa. Bandi yake inkaimba pa ukwati, pa maliro ndi pa ubatizo. Vuto linali foni. Ikalira sankaimva, poti makutu anatha ndi lipenga lomwelo, choncho ntchito zinkangopita kwa a bandi ina.

Atakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, anagula laputopu yakale n'kuyamba kuphunzira pa intaneti kupanga webusaiti. Ankalemba ndi chala chimodzi, lilime lili panja. Patatha miyezi itatu tsamba linatheka: munthu ankasankha mwambo n'kulandira yankho pompo. Kuseri kwake kunali lamulo lotchedwa switch, lomwe limaona chimene munthu wasankha n'kumupatsa uthenga wake. Wa ukwati anauika pamwamba, wa maliro pakati, wa ubatizo pansi. Anayesa ubatizo wokha, zinayenda, basi anadzithira katambula ka rakiya, kachasu wa kwawoko.

"Milojka, tabwera udzaone," anaitana mkazi wake. "Unakwatiwa ndi katswiri iwe."

"Katswiriyo atenge zinyalala akataye," anayankha Milojka ali kukhitchini.

Lachiwiri m'mawa mayi Slavka, ogulitsa tsabola pamsika, analowa pageti osaodira, foni ili m'manja.

"Aneba, ndinakulakwirani chiyani? Mwana wanga akukwatiwa Loweruka, ndiye tamvani zomwe mwandiyankha!" Anawerenga mokweza kuti msewu wonse umve: "'Mafuno abwino kwa akwati, tibwera kudzakuvinitsani. Pepani ndi zovutazi, mzimu wa malemu uuse mumtendere. Tithokoze Mulungu chifukwa cha khandalo.' Khanda liti? Apongozi ake awerenga zimenezi, pano akumuyang'ana pamimba!"

Radivoje anapepesa mpaka pakamwa kuuma. Kenako anakhala pa laputopu masana onse. Anaizimitsa n'kuiyatsa. Anaiopseza kuti aiponya mumtsinje. Potsiriza anasamutsa ukwati n'kuuika pansi, ndipo ukwati unachiradi. Koma atayesa maliro, ofedwa ankauzidwa za khanda, n'kulonjezedwa kuti avinitsidwa.

Milojka, yemwe anasoka malaya pafakitale zaka makumi awiri ndipo kompyuta sankaikhudza, anakoka mpando n'kuvala magalasi.

"Tandiwerengera mzere ndi mzere, ngati ukufotokozera chitsiru."

"Ikapeza maliro, itumize uthenga uwu. Kenako..."

"Kenako chiyani, Rade? Waiuza pati kuti ilekere pomwepo?"

"Imadziwa yokha."

"Iwe umadziwa wekha? Pa ukwati wa mng'ono wanga unaimba mpaka ansembe anachita kukulanda lipenga. Makina anga osokera, ndikapanda kuchotsa phazi, amasoka mkono ndi kolala pamodzi."

Radivoje anatembenukira ku laputopu. Anabwerera ku kanema wa phunzirolo, ndipo anapeza kachigawo kamene anakadumpha tsiku lina pothamangira kukadya nyemba. Mphunzitsi ankanena momveka kuti pakutha pa chosankha chilichonse pamalembedwa kamawu kakuti break, apo ayi kompyuta imangotsetsereka mpaka pansi, kutola chilichonse m'njira. Analemba kamawuko katatu. Anayesa miyambo yonse, mobwerezabwereza, Milojka ataima kumbuyo manja ali m'chiuno. Uliwonse unakhala pawokha.

Loweruka anaimba pa ukwatiwo ndi mtima wonse, ndipo mayi Slavka anamukhululukira atavina nyimbo yachisanu. Panthawi yopuma, agogo a mkwati, bambo Vukašin a zaka makumi asanu ndi anayi, anamukoka mkono wa jekete.

"Mwana wanga, uthenga wa maliro uja anandiwerengera. Unandigwira mtima. Anga mudzaimba nyimbo yanji?"

"Agogo, lero ndi ukwati."

"Ndikudziwa. Koma tsikulo sindidzamva bwino. Tayesani pano."

Bandi yonse inazembera kuseri kwa tenti n'kuyamba nyimbo ya maliro motsitsa. Agogowo anamvetsera mutu uli pambali, kenako anagwedeza ndodo.

"Ikuchedwa. Anthu adzagona. Ithamangitseni!"

Anaithamangitsa. Posakhalitsa akwati anaimva n'kutuluka m'tenti, ndipo anthu onse anagwirana manja n'kuivina mozungulira, agogowo ali patsogolo.