A Mpata ndi sizasi ya malemu

Mumsewu mwathu palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Ndi a Mpata basi, chifukwa chikwangwani chilichonse chimene akulemba amayamba n'kunena mawu omwewo: "Siyani mpata, maso apume." Ndi bambo wamfupi, wautoto m'zikhadabo. Pogwira ntchito amabwerera chambuyo mpaka tsidya la msewu, diso limodzi atatsinzina. Anjinga anazolowera kuwalambalala.

Amuna anga atamwalira, anthu ankayesa kuti shopu yathu yosokera inatsekedwa, poti chikwangwani chinali chitasuluka. Anachilemba okha malemuwo: madiresi, masuti, mayunifolomu, makatani, zigamba, zonse zothithikana ngati anthu m'minibasi. Chakumanja anajambulako sizasi yopindika miyendo.

Nditaganiza zochilembetsanso, panapita masiku atatu ndisanalimbe mtima kuwaitana a Mpata.

"Mayi, zonsezi munthu awerenge atakhala pampando?" anandifunsa. "Wodutsa amangoponya diso kamodzi. Mukufuna aone chiyani choyamba?"

"Zonse," ndinayankha chapansipansi.

"Onse akamakuwa, mumamva ndani?"

Anatsegula chitini cha utoto woyera. Makasitomala ndinkawafuna, koma dzanja la amuna anga linatsala pathabwa lokhalo. Ndinangosendera pafupi n'kuyamba kupukuta fumbi pasizasiyo ndi kansalu.

A Mpata anandiyang'ana, kenako anabwerera chambuyo mpaka tsidya, n'kutsinzina.

"Nkhanu imeneyi anajambula ndani?"

"Malemu."

"Inachita mwayi nkhanuyo. Yaloza kukhomo."

Anafafaniza mawu onse, sizasi n'kuisiya. Mizere yake anangoidutsitsa utoto wakuda, osaiwongola ngakhale pang'ono. Kumanzere analemba mawu amodzi ofiira, akuluakulu: TELALA. Kwinako anasiya poyera, moti ndinkaona ngati thabwa lavula.

"Diso liyambira pamawu, ligwera pasizasi, sizasi ililowetsa m'nyumba," anatero akutsuka burashi.

"Nanga makatani aja?"

"Akalowa muwauza nokha, mayi. Pakamwa muli napo, ndapamva katatu lero."

M'mawa mwake mayi wina anatsika panjinga atanyamula diresi mujumbo.

"Pasizasi yopindika paja ndi pano?"

"Ndi pano, lowani," ndinatero. Ndili mkati mowayeza m'chiuno ndinakhosomola pang'ono, n'kuwauza kuti makataninso timasoka.