A Mbande ndi Miphika Yosweka

Tonse timawatchula kuti a Mbande, dzina lawo lenileni amalidziwa ndi akalaliki okha. Ndiwo amalima zitsamba kuseri kwa labotale yathu. Ife timapera masambawo, kuwafinya, n'kudonthezera madzi ake pa timaselo ta mtsempha wa diso tomwe timasunga m'timbale. Timafuna tione ngati angatiteteze ku gulokoma, matenda odya mtsemphawo mwakachetechete.

Bambowa ndi anthabwala, ndipo mbewu amazikalipira ngati ana. "Iwe, anzako akupita kwa adokotala, iwe uli phee kufota!"

Chaka chatha miphika ya mbewu inayamba kusweka, lero umodzi, mkucha iwiri. A Mbande anati ndi mphaka. Tinamupirikitsa mphaka uja mpaka anasamuka, koma miphika sinaleke kusweka.

Tsiku lina ndinawatengera tiyi. Ndinaima pambali pawo, kapu ili m'manja, iwo ali kalikiliki kupalira. Potembenuka anandigunda, tiyi yense khuthu!

"Mwatulukira kuti mwananga? Mumauluka?"

Ndinaseka, kenako ndinakumbukira miphika yosweka ija. Gulokoma imayamba kuba m'mbali, munthu n'kumaona zakutsogolo zokha. Ndinachita manyazi, sindibisa. Zaka zisanu ndi ziwiri tikusuzumira m'timbale, anthu ophunzira ife, osayang'anako maso a munthu wotipatsa moni m'mawa uliwonse.

Ndinawaperekeza kuchipatala. Adokotala anati ndi gulokomadi, ndipo mbali yomwe inapita siibwerera, koma yotsalayo ingapulumuke akamathira m'maso mankhwala a m'kabotolo tsiku ndi tsiku.

Tikutuluka anandikodola. "Nanga osangofinyiramo masamba anga aja? Ndimawadziwa kuyambira ali khanda."

"Ayi bambo, amenewo akadali pa mayeso. Mungakhoze kutaya n'chotsalacho."

Anang'ung'udza njira yonse, koma anamvera. Kabotolo kamakhala m'thumba la ovolosi, ndipo wowathira ndine, chifukwa okha amathirira tsaya. Amati mlimi naye wayamba kuthiriridwa.

Dzulo anabwera ndi dengu la masamba, n'kuima pakhomo la labotale osachoka. Sanaseke.

"Adokotala aja akuti zimayenda m'magazi. Ana anga onse asanu ndawauza akayezetse. Ine zanga zinapita, koma inu fulumiraniko ndi timbale tanuto."