Chaka Chimene Khoma Lathu Linagwa

Amayi anali ndi jumbo yakuda imene ankaipachika pamsomali pamwamba pa chitseko. Munali makadi athu a ubatizo, mabuku a kusikelo ndi malipoti anga a kusukulu. Mvula ikangoyamba kununkhira, ankaitsitsa, n'kuiveka jumbo ina kunja, n'kuimanganso. Ndinali mu sitandade folo, ndipo ndinkachita nayo manyazi chifukwa anzanga ankati kwathu timapachika zinyalala.

Tinkakhala ku Chilomoni, m'munsi mwa phiri, m'nyumba ya zidina imene bambo anatisiyira pomwalira. Amayi anakulira ku Nsanje, ndiye madzi ankawadziwa. Kuseri kwa nyumba yathu kunkadutsa ngalande yotsitsa madzi a kuphiri. Chaka chimenecho aneba akumtunda anamanga mpanda wa njerwa, ngodya yake n'kulowa m'ngalandemo. Pang'ono potsalapo panadzaza mabotolo, majumbo ndi makoko a nzimbe.

Kuyambira Okutobala amayi ankayenda khomo ndi khomo kupempha kuti tifukule ngalandeyo limodzi. Mayankho ake ndimawakumbukira. "Mayi, kuno si ku Nsanje, madzi a paphiri sagona." Eni mpanda anati, "Tiona Khirisimasi ikadutsa." Ngakhale amalume, kalipentala wa zida zonse, anangoseka. "Achemwali, mumakonda kuopseza anthu."

Tinafukula awiri, amayi ndi khasu, ine ndi ndowa. Matope ake anali akuda, onunkha mwakuti ndinkalephera kudya ndikamaliza. Koma mpanda wa eni sitikanaugumula. Mpaka lero zimandipsetsa mtima kuti ntchito imene amuna asanu akanaimaliza m'mawa umodzi wa Loweruka inasiyidwira mayi wamasiye ndi kamtsikana ka zaka khumi.

Mu Januwale mvula inagwa masiku angapo osakata. Zovala zinachita nkhungu, makala osayaka. Tsiku lina aphunzitsi anatiuza kuti tiweruke nthawi ya buleki isanakwane. Nditafika kunyumba, madzi ofiira anali atapatuka pangodya ya mpanda uja, akuwomba khoma lathu lakuseri. Amayi analigwira khomalo chamkati, chala chawo n'kulowa ngati m'phala. Anandibereketsa mng'ono wanga, iwo n'kutenga jumbo ija ndi bulangete limodzi.

"Tuluka. Nsapato zisiye."

Tili pamsewu tinamva kugunda kosakweza n'komwe, ngati thumba la chimanga lagwa pangolo. Malata anapendekeka. Chipinda chathu chinatsala poyera, kalendala ya kutchalitchi ili lende pakhoma lotsala, anthu odutsa akuona mphasa zathu.

Tinagona milungu itatu m'kalasi mwanga momwe, pamodzi ndi mabanja ena. Aphunzitsi ndiwo anatsegula chitseko osadikira chilolezo cha munthu. Ankatiuza kuti, "Madesiki musawotche, zina zonse tidzakambirana." Anthu onyamula mafayilo anabwera katatu kudzalemba mayina, ndipo katatu konse amayi anaima pamzere mwana ali kumsana. Mabulangete atafika, dzina lathu munalibe m'mafayilo muja. Tsiku lomwelo ndinaona akazi a eni mpanda, amene nyumba yawo sinang'aluke ndi pang'ono pomwe, akukwera mtunda atasenza mabulangete awiri. Ndinawakoka amayi chitenje kuti aone. Anandichotsa dzanja n'kunena kuti, "Ndaona." Ndikanakonda akanatukwana. Amalume anabwera patapita masiku, atanyamula mitengo ndi misomali, n'kuchirikiza denga osayang'ana mlongo wawo kumaso.

Mvula itatha tinathira madzi pamulu wa khoma logwalo, n'kuupondaponda, n'kuumbanso zidina ndi dothi lomwelo. Mpanda uja unali pomwepo, atachita kuupaka laimu. Ine ntchitoyi inkandisangalatsa. Matope ankatuluka pakati pa zala zakumapazi, ozizira bwino, ndipo ndinkathamanga ndi chikombole ndikuimba.

"Amayi, taonani, nyumba yathu ikhala yanyuwani!"

"Eya. Bweretsa madzi."

Khoma likamakwera, iwo sankabwerera m'mbuyo kuti alione ngati mmene amachitira anthu omanga. Ankangoika chidina, n'kuwerama kutenga china. Ndinkayesa atopa, mwinanso andikwiyira. Sindinkadziwa kuti munthu angamange ndi manja ake chinthu chimene akudziwa kuti chidzagwanso, chifukwa choti alibe pena pogoneka ana ake.