Kalata ya aDomingo

Ndikakumbukira aDomingo, chimayamba kundifika ndi phokoso la nyundo pa lata, kenako fungo la makala a m'mbaula imene ankatenthetsera chitsulo chomatira zidebe, fungo loyabwa m'mphuno limene linkasakanikirana ndi la nthochi zimene amai ankavundika kuseri kwa nyumba yathu ku Nyimba. Nyumba yawo ndi yathu zinalekana ndi mpanda waudzu wobooka pakati, ndipo tonse tinkangodutsira pobookapo.

Anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ine ndisanabadwe. Anzawo atabwerera kwawo, iwo anatsala. Kwawoko anali mphunzitsi, koma ankaphunzitsa m'Chipwitikizi, ndipo kuno mapepala awo analibe ntchito. Choncho ankakhoma zidebe ndi mbaula, Chingerezi n'kumadziphunzitsa okha ndi mapepala a mayeso akale amene ankapempha kwa ana a sukulu. Mapepalawo ankawasunga m'chidebe chovundikira poopa chiswe.

Ndili mu Giledi 9 ndinalephera Chingerezi pa mayeso oyeserera. Bambo anga sanakalipe. Anangonena kuti ndikalepheranso kumapeto kwa chaka, ndizidzapita ndi amai kumsewu kukagulitsa nthochi pamene pamaima mabasi a ku Lusaka. Amai ndiwo ananditumiza kwa aDomingo ndi pepala langa lija.

Ndinawapeza akupinda mkombero wa chidebe. Anapukuta manja pa thalauzi, nawerenga mwakachetechete, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse. Chinaima pa chiganizo chimene ine ndinkachinyadira: The bananas of Nyimba are sweeter than Petauke.

"Nelia, Petauke unamulawapo?"

"Iyayi, bambo."

"Nanga wadziwa bwanji kuti nthochi zamupambana kuzuna?"

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Anati chiganizo changa chinkapikisanitsa chipatso ndi tauni yonse, msika wake, chipatala ndi mabasi omwe. Anatenga pensulo imene inkakhala kukhutu kwawo, nalowetsa timawu tiwiri pakati: than those of Petauke. Anandiuza kuti timawuto ndiye nthochi za tsidya linalo.

"Nthochi ndi nthochi, tauni ndi tauni," anatero, n'kubwerera ku chidebe chawo.

Kuyambira pamenepo ndinkapita masana aliwonse ndikaweruka. Ndinkakhala pa thumba la makala, iwo akukhoma, ndipo ankafuula mafunso pakati pa phokosolo osatembenuka. Ambiri anali aja osankha yankho limodzi mwa anayi. Sankalola kuti ndisankhe ndisanatchule zinthu ziwiri zimene zikufanizidwa. Tsiku lina ndinasankha Walking is cheaper than to ride, iwo n'kuloza njinga yawo imene inali ndi zidebe ziwiri, china uku china uku. Anati ukamanga chachikulu mbali imodzi, chaching'ono mbali inayo, sufika kumsika. Mbali yoyamba ikakhala walking, inayo ikhale riding. Sankayamikira. Ndikakhoza ankangoti, "Lina."

Mwezi wa Okutobala, kutatentha moti malata ankawotcha zala, kunamveka kuti sukulu ina imene anthu a m'midzi anadzimangira ikufuna munthu wophunzitsa Chingerezi. ADomingo analemba kalata yopempha ntchitoyo. Dzanja lawo linali litayamba kunjenjemera pa zolembera, ndiye anandipempha kuti ndiikope pa pepala loyera. Akazi awo, amai Rozita, anali pamkeka pafupi nafe akusenda nsawa, ndipo anali atachapa kale malaya oyera amene amuna awo adzavale akadzaitanidwa.

Ndinakopa bwinobwino mpaka ndime yachiwiri. Pamenepo panali polembedwa kuti: My experience is longer than the young teachers.

Cholakwacho ndinachiona nthawi yomweyo. Zaka zawo za ntchito zinkayezedwa ndi misinkhu ya anthu. Ndinawerenganso kawiri, cholembera chili m'mwamba. Ndinayang'ana aDomingo, amene anali ataimirira kumbuyo kwanga manja ali m'chiuno, ndinayang'ananso amai Rozita. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo ndinali ndisanauzepo munthu wamkulu kuti walakwa, makamaka akazi ake ali pomwepo.

"Pavuta?" anafunsa aDomingo.

"Iyayi, bambo."

Ndinalemba monga mmene zinalili. M'mawa mwake anakwera njinga kukapereka kalatayo.

Sanaitanidwe. Patapita milungu ingapo tinamva kuti atenga mnyamata wina amene anali atangomaliza Giledi 12. ADomingo sanatchuleko nkhaniyo, ndipo mafunso athu anapitirira mpaka tsiku la mayeso. Ndinakhoza, n'kusankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko ku Petauke.

Za cholakwa cha m'kalata ija ndinawauza patatha zaka ziwiri, pa holide ya mu Epulo. Ndinawapeza akudula lata, maso atawafinya chifukwa anali atayamba kuchita khungu. Ndinatchula chiganizo chonse pamtima. Anaika sizasi pansi, milomo ikuyenda, akuchibwereza okha.

"That of," anatero potsiriza. "Unaona tsiku lomwe lija?"

"Ndinaona."

"Osakamba?"

"Ndinayopa, bambo. Amai Rozita analipo."

ADomingo anati, "Nchito ija sakanandipatsa. Ndinalibe satifiketi ya kuno, ndipo ndinali kudziwa. Imeneyo usaidandaule. Koma ine masana onse aja ndinali kuganiza kuti ndiphunzitsa munthu wakuti azindigwila ndikalakwa."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kalata yoyamba ija, ya dzanja lawo, itachita dzimbiri m'mphepete. Anaitana akazi awo kuti abwere adzakhale pomwepo. Kenako anandipatsa pensulo.

"Konza lelo."

Ndinakonza iwo akuyang'ana. Anabweretsa pepalalo pafupi ndi maso, nawerenga chiganizocho mokweza, n'kulipinda. Atatero anandifunsa ngati ku Petauke mbaula zikuyenda malonda.

ADomingo anamwalira ndili ku koleji, ndipo uthenga unandipeza maliro ataika kale. Lero ndimaphunzitsa Chingerezi, makalasi a mayeso, ndipo pa bolodi ndimalakwitsa monga wina aliyense. Kawirikawiri m'kalasi mumakhala mwana mmodzi amene amayang'ana bolodi, n'kundiyang'ana ine, kenako n'kuweramira pa desiki. Ndikamuona ndimasiya kulemba, ndimapita pamene wakhala, n'kumupatsa choko.