Mayi wa Zikhadabo komanso Dzina la Bambo Ake

Tsiku limene bambo ake anachotsedwa ntchito, mtsikana wina wa mumsewu mwathu anali atawapititsira chakudya ku shedi yowotcherera zitsulo. Anamva zonse ali chiimire pakhomo.

"Madala, mwayamba kale m'mawa uno?" anatero kapitawo. "Taonani manjawo. Mukuyenda ngati tambala woponda moto. Zidakwa kuno ayi."

Bambowo anali atawotcherera zitsulo m'shedimo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Mowa sanaulawepo. Anayesa kuyankha, koma mawu ankatuluka mochedwa, anzawo n'kuphulika kuseka.

Dzina loipa silichedwa kumera mizu. Kumpingo anawalanda makiyi a tchalitchi amene ankasunga. Mumsewu mwathu, ife amene timati ndife anansi, tinkanong'onezana akamadutsa. Inenso ndinali momwemo, sindibisa.

Chaka chimenecho mtsikanayu analephera mayeso. Anapeza kantchito kotsuka mabotolo mu labotale ya pa yunivesite. Analembanso mayeso, n'kulepheranso. Kachitatu anakhoza, nalowa m'kalasi momwe kale ankangosuzumira atanyamula ndowa.

Tsiku lina mphunzitsi anaonetsa kanema wa munthu wina wa mumgodi akuyenda chonyang'ama, manja ali njenjenje. Anafotokoza kuti chitsulo china chotchedwa manganizi, chimene chimapezekanso mu utsi wowotcherera, chikachuluka m'thupi chimakawononga ubongo.

Mtsikanayu anadzidzimuka ataimirira kale. "Aphunzitsi, bambo anga amayenda choncho!"

Kudziwa ndi kwina, umboni ndi kwina. Atamaliza maphunziro anayamba kafukufuku. Chitsulochi m'magazi sichikhalitsa, koma zikhadabo za kumapazi zimakula pang'onopang'ono, choncho zimasunga mbiri ya miyezi yambiri. Anatenga maenvulopu ndi kowengera zikhadabo, n'kuyamba kuzungulira m'mashedi.

Mukuganiza kuti anamulandira ndi manja awiri?

"Mayi, mwasowa mwamuna mpaka mukatilodze tonse?" anatero wina.

"Zanga n'zolimba, bwerani ndi macheka!" anakuwa mnzake.

Iye sanakwiye. Anakhala pa chitini cha penti, anavula nsapato, nawenga zake onse akuona. "Izi ndiika pamodzi ndi zanuzo. Ndikakulodzani, ndadzilodzanso."

Mwezi woyamba anapeza maenvulopu a zikhadabo atatu okha. Anamutcha Mayi wa Zikhadabo, ndipo akangotulukira pangodya ankaimba mluzu. Iye ankabwerabe. Aliyense wovomera ankamupatsanso nati ndi bawuti kuti amange, iye akuyang'ana wotchi. Amuna sakana mpikisano. Posakhalitsa ankachita kulimbirana, nsapato zili m'manja.

Patatha zaka ziwiri maenvulopu anakwana mazana anayi. Zotsatira sizinafune womasulira: ogwira m'mashedi otsekeka anali ndi manganizi wambiri, ndipo zala zawo zinali zaulesi pa nati ija.

Lipoti lake akatswiri oliunika analibweza kawiri, ati anthu oyezedwa achepa. Anapitanso m'mashedi kukawonjezera. Kachitatu linasindikizidwa, oyendera malo a ntchito analiwerenga, ndipo eni mashedi analamulidwa kuboola mazenera, kuika makina okoka utsi ndi kugula zophimba kumphuno zenizeni, osati kansanza.

Mwana wanga wachitatu ndi wowotcherera. Wadutsa zaka makumi anayi, koma ndi iye amandilowetsera ulusi pa singano. Ndikamuona akutero, ndimadziwa woyenera kumuthokoza.

Bambo aja sanachire. Ubongo si tayala loti umata. Koma mwana wawo anawatengera kwa dokotala wa za ubongo, amene anawapima bwinobwino n'kulemba kalata yonena kuti vuto lawo likugwirizana ndi utsi wa pantchito.

Kalata imeneyo mwana wawoyo anaiwerenga pa msonkhano wa owotcherera, holo itadzaza, bambo ake ali pa mpando wa kutsogolo. Ndinalipo. Atamaliza anapinda pepalalo.

"Awa ndi bambo anga. Si chidakwa. Sanakhalepo chidakwa."

Ena tinaweramitsa mitu. Kenako madalawo anakodola kuti awapatse cholankhulira. Tinadikira, chifukwa mawu awo safuna wothamanga.

"Zaka zonsezi... kundinena za mowa," anatero. "Bola ndikanalawako."

Holo inagwedezeka ndi phwete, ambiri tikupukuta m'maso. Amuna akuluakulu anandandalika pamzere kukawagwira chanza chonjenjemeracho.

Tsono inu amene mwalephera kamodzi n'kudzifunditsa bulangete masana, tadzukani. Mwana uyu anagwa kawiri, anatsuka mabotolo, anagwada pa mapazi a anthu omuseka, mpaka choonadi chinatuluka. Kulira lirani, koma mukatha musambe kumaso, munyamule zida zanu. Mtima wokhawo musautaye, ulipo wina amene akudikira ntchito yanu.